Nkhuku ya pakona pa chinsalu

Pali nkhani ina imene azungu ophunzira za kanema akhala akuuzana kwa zaka zoposa 60, ndipo ikunena za ife anthu akuda. Akuti kumadzulo kwa Africa, m'nthawi ya atsamunda, akuluakulu a zaumoyo adajambula kanema wa mphindi pafupifupi zisanu woonetsa munthu akutaya madzi odikha m'zitini ndi m'maenje kuti udzudzu usaswane. Ataonetsa kanemayo pamudzi pena, adafunsa anthu kuti anene chimene aona. Anthu adati: taona nkhuku. Azungu aja adadabwa, poti iwo eni ake sankadziwa kuti m'kanemamo muli nkhuku. Atabwerera ku ofesi n'kuyang'ana chithunzi chimodzichimodzi, adaipezadi, ikudutsa chothamanga pakona ya m'munsi, kanthawi kongokwanira kuphethira.

Nkhaniyi adailemba ndi John Wilson wa ku yunivesite ya London m'chaka cha 1961, ndipo chaka chotsatira Marshall McLuhan adaiika m'buku lake lotchuka la The Gutenberg Galaxy. Iwowa asadailembe, William Sellers, amene adayamba ntchito ya kanema wa zaumoyo ku Nigeria ndipo adadzatsogolera bungwe la Colonial Film Unit kuyambira mu 1939, ankaikamba kale. Phunziro limene onsewa adatolapo ndi limodzi: ati munthu wa ku Africa sadziwa kuonera kanema, maso ake amangothamangira zinthu zopanda pake, choncho pomujambulira kanema pafunika kuchotsa chilichonse chimene chingamusokoneze.

Ine ndikuti anthu aja adaona bwino kuposa amene adawafunsa. M'kanema yense uja chinthu chamoyo chidali chimodzi, ndiye nkhuku ija. Munthu wotaya madziyo ankachita zimene wauzidwa, pang'onopang'ono ngati wamwa mankhwala ogonetsa, pamene nkhuku idali pa ulendo wake, osauzidwa ndi munthu. Komanso tisaiwale zimene zidachitika ku Paris pa 28 December 1895, tsiku limene abale awiri a Lumière adaonetsa kanema kwa anthu olipira pakhomo. Mwa tizithunzi tawo mudali kena koonetsa Auguste Lumière ndi mkazi wake akudyetsa mwana wawo panja. Zolembedwa za nthawiyo zikuti chimene chidagwira anthu mtima ndi masamba a mitengo amene ankagwedezeka ndi mphepo kumbuyo kwa banjalo. Palibe adalemba buku lonena kuti anthu a ku Paris ndi mbuli. Masamba akagwedezeka ku France ati ndi luso, nkhuku ikadutsa kwathu kuno ati ndi umbuli. Mwati bwanji pamenepa, awerengi?

Kanema wojambulira anthu akuda adafika m'dziko muno pa lole. M'zaka za 1935 mpaka 1937 kudali ntchito yotchedwa Bantu Educational Kinema Experiment, imene adaiyambitsa a International Missionary Council ndi ndalama za Carnegie Corporation ya ku America. Oyendetsa ake adali Major L. A. Notcutt, yemwe kale ankayang'anira minda ya khonje, ndi G. C. Latham, yemwe adakhalapo mkulu wa maphunziro a anthu akuda ku Northern Rhodesia. Likulu lawo lidali ku Vugiri, m'mapiri a Usambara ku Tanganyika, ndipo adajambula mafilimu 35. Lole yawo idayenda m'Tanganyika, Kenya, Uganda, Northern Rhodesia ndi kuno ku Nyasaland. Mawu sankakhala pa filimu penipeni, ankawajambula pa mbale za galamafoni m'zinenero zingapo, ndipo Chinyanja chidali chimodzi mwa izo. Imodzi mwa mafilimu awo oyamba inkanena za anthu awiri olandira malipiro: wina akukwirira ndalama zake pansi m'nyumba ndipo mbala ikuzifukula, mnzake akukasunga ku positi ofesi ndipo akugona tulo tabwino.

Nkhani ya anthu awiri imeneyi, wochenjera ndi wopusa, ndiyo idakhala nsanamira ya kanema wa boma kwa zaka makumi angapo. Mu 1948 maboma a Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri adakhazikitsa Central African Film Unit, likulu lake ku Salisbury, kumene lero tikuti Harare, motsogozedwa ndi Alan Izod, ndipo mmodzi wa ojambula ake adali Stephen Peet. Pofika mu 1963, pamene chitaganya chinkatha ndipo bungwelo lidathera pomwepo, adali atajambula mafilimu oposa 600. Mayina ake okha akukuuzani zonse: The Two Farmers, The Wives of Nendi, Mattaka Buys a Motor Car, Mulenga Goes to Town. Mulenga ameneyu ndi mnyamata wotumidwa ku tauni kukagulitsa nkhuku, ndipo tauni ikumuchenjerera mpaka kubwerera kumudzi chimanjamanja. Phunziro lake: khalani kumudzi, tauni si yanu. Mafilimu oyambirirawa adali opanda mawu, ndiye pambali pa chinsalu pankaima womasulira ndi chimkuzamawu, ndipo zimene anthu ankamva zinkadalira kuti womasulirayo ali ndi nthabwala zotani usiku umenewo.

Tsono taganizani kanema wotere akuonetsedwa kuno kwathu kwa Chitukula, kwa Kabudula kapena ku Nsaru m'zaka za m'ma 1950. Dera lino fodya adalowamo kale, kuyambira m'ma 1920 pamene A. F. Barron adakhazikika ku Mbabzi, iye ndi mnzake Wallace n'kuyamba kugawira anthu mbewu ya fodya wa chikopa kuti adzawagule okha. Mu 1926 boma lidakhazikitsa Native Tobacco Board. Nkhondo yachiwiri itatha kudabwera malamulo a malimidwe, ndipo njala ya 1949 itadutsa boma la bwanamkubwa Geoffrey Colby lidawalimbitsa kwambiri: mizere yopingasa, migula, kuzula mapesi a fodya pa nthawi yake. Wolephera ankalipitsidwa kapena kutsekeredwa. Ndiye madzulo ake galimoto ibwere kudzaonetsa mlimi wopusa amene sadamvere mlangizi, anthu akuyang'ana pa chinsalu n'kumaona kuti wopusayo ndi iwowo, amene dzana lomweli adalipira chindapusa ku khoti la mfumu. Nanga n'kudabwa kuti maso awo ankachoka pa phunzirolo n'kumakasaka zina m'mbali mwa chithunzi?

Ufulu utabwera mu 1964, chinsalu chidatsala chomwecho, adangosintha oyankhula. Mlimi wochenjera uja adasanduka mchikumbe, ndipo mchikumbe woyamba tonse tinkamudziwa. Mu 1968 idayamba ntchito ya Lilongwe Land Development Programme ndi ngongole ya World Bank, imene idabweretsa misewu, zitsime za mijigo, misika ndi kalembera wa malo wa ndunda m'madera a kumadzulo kwa Lilongwe. Pamodzi ndi zimenezi padabwera galimoto zachikasu za nthambi ya Extension Aids ya unduna wa malimidwe, nthambi yomwe ija inkasindikiza magazini ya Za Achikumbi. Aliyense amene adakula kuno m'ma 1970 akuikumbuka galimoto yachikasu. Inkafika dzuwa likupendeka, chimkuzamawu chili padenga, ife ana tili pambuyo pake m'fumbi mpaka pabwalo la sukulu. Kusadade ankaonetsa zidole zoyankhula. Kukada jenereta inkalira, kuwala n'kutuluka m'galimoto ngati mtanda woyera, agulugufe ausiku ndi tizilombo tina tikuvina m'menemo. Amayi mbali yawo, abambo mbali yawo, ife kutsogolo penipeni makosi ali chagada.

Filimu yake inkakhala ya feteleza wa 20:20:0, ya ngongole za m'makalabu, ya kagulitsidwe ka mbewu ku ADMARC, kapena ya ulendo wa Kamuzu woyendera mbewu m'minda. Koma mukadamva zimene anthu ankakambirana pobwerera kunyumba! Wina ati ng'ombe ya kumanzere pa ngolo ija ikutsimphina, mwini wake ngwankhanza. Wina ati nkhokwe ija adaluka ndi munthu wa kummwera, kuno sitimanga choncho. Tsiku lina ndidafunsa agogo anga aakazi, poti aphunzitsi adatiuza kuti tikafunse makolo: "Agogo, mwaphunzirapo chiyani pa kanema uja?" Iwo adati: "Iwe, mkazi uja akusinja ngati msana ukumupweteka. Kaya ali ndi pakati? Nanga mwamuna wake wangokhala pakhonde osamuona?" Za feteleza sadatchuleko n'kamodzi komwe. Agogo adaona nkhani ya banja lathunthu m'kasinjidwe ka mayi amene wojambula adangomuika kumbuyo kuti chithunzi chioneke cha kumudzi.

Diso limeneli silidapatsidwe chakudya chake. Lamulo la Censorship and Control of Entertainments la 1968 lidapatsa bungwe lounika mphamvu yodula kapena kuletsa filimu iliyonse, ndipo lumo lake linkagwira ntchito ndithu. Nyumba za kanema monga Apollo ku Blantyre ndi Rainbow ku Limbe zidali za anthu a m'tauni, ndipo zinkaonetsa za akauboyi, za karate ndi za Amwenye. Wailesi ya kanema boma silidaifune, moti Television Malawi idadzatsegulidwa mu 1999, patapita zaka zisanu chichokereni Kamuzu pampando. Chimene chidafika m'ma trading centre athu ndi vidiyo sho: kachipinda ka zitseko zotseka masana, mabenchi, jenereta kuseri, chikwangwani cha choko pakhomo. Rambo, Chuck Norris, Van Damme, kenaka mafilimu a ku Nigeria a mfiti ndi abusa. Sindikunyoza ayi, inenso ndidasiyako makobidi anga ambiri. Koma ana athu adakula akudziwa lamulo limodzi lokha la kanema, loti mwini filimu saafa, ndipo filimu imene papita mphindi khumi popanda womenyedwa ankaikuwiza kuti abwezeredwe ndalama.

Pamene ife tinkaonera mlimi wochenjera ndi mlimi wopusa, kwina anthu ankajambula nkhuku ija mwadala. Ku Japan kudali Yasujiro Ozu, amene adabadwa pa 12 December 1903 n'kumwalira pa 12 December 1963. Iyeyu kamera yake ankaiika pansi, pa msinkhu wa munthu wokhala pa mphasa, ndipo kawirikawiri sankaisuntha. Anthu akatuluka m'chipinda, kamera inkatsalira kanthawi ikuyang'ana ketulo kapena zovala zoyanikidwa. Ankadziyerekeza ndi munthu wokonza tofu, chakudya cha soya cha anthu wamba, amene sadziwa kuphika china. Kwathu kuno tikadati mayi wa zitumbuwa amene zaka 30 wakhala pa malo amodzi pamsika, koma zitumbuwa zake palibe wofikapo.

Filimu yake ya Tokyo Story ya 1953 ndidaionera kwa aphunzitsi ena opuma ntchito a kufupi ndi Nsaru, amene dzina lawo ndilisunga poti sakonda zotchuka. Nkhani yake ndi iyi, ndipo muone ngati ili yachilendo. Nkhalamba ziwiri za m'tauni yaing'ono ya Onomichi zikukwera sitima kukaona ana awo ku Tokyo. Mwana wamwamuna ndi dokotala, wamkazi ali ndi saluni. Onse akuwalandira mwaulemu, palibe wotukwana, palibe wowathamangitsa, koma aliyense ngotanganidwa. Akusonkherana ndalama n'kuwatumiza ku malo opumulirako a Atami, kumene phokoso la achinyamata likuwasowetsa tulo. Amene akuwapatsa nthawi yake ndi mpongozi wawo Noriko, mkazi wa mwana wawo amene adatsalira ku nkhondo, munthu woti ubale udatha kale. Nkhalamba zija zikubwerera kwawo, mayi akudwala n'kumwalira, ana akubwera ku maliro, ndipo mwambo utangotha akufunsa za zovala za malemu ndi nthawi ya sitima. Basi. Maola awiri ndi mphindi 16, popanda mfuti, popanda mfiti.

Titamaliza, m'nyumba mudangoti zii. Kenaka mayi a kunyumbako, amene Chingerezi cha pansi pa chithunzi sankachiwerenga ndipo aphunzitsi ankangowamasulira apo ndi apo, adati: "Abambo, si zomwe zija adatichita ku Area 25 izi? Kutigulira fanta n'kutisiya ndi wantchito tsiku lonse." Aphunzitsi adangoti: "Mayi, ana akusaka ndalama, musawaweruze." Ndipo Ozu nayenso sawaweruza anawo. Apa ndiye pali kusiyana kwake ndi kanema wa galimoto yachikasu. M'filimu ya boma mumadziwa wopusa ndani isadathe mphindi imodzi. Mwa Ozu mumatuluka musakudziwa ngati ndinu kholo losiyidwa kapena mwana wotanganidwa, ndipo ambiri a ife, amene tidachoka kwa Chitukula n'kukakhala mtunda wa ola limodzi lokha koma kumudzi timapitako pa maliro basi, tikudziwa mbali imene tili.

Akuluakulu a makampani a kanema ku Japan ankaganiza kuti filimu zotere anthu akunja sangazimve, ati n'za Chijapani kwambiri. Tokyo Story idakalandira mphotho ku London mu 1958, ndipo ku New York idakaonetsedwa bwinobwino mu 1972, mwini wake ali m'manda. Mu 2012 magazini ya Sight and Sound itafunsa akatswiri ojambula mafilimu a m'maiko ambiri, filimu imeneyi ndiyo idakhala pamwamba pa zonse.

Ku Africa kuno woyamba kuchita zotere adali Ousmane Sembène wa ku Senegal, ndi filimu yake ya Borom Sarret ya 1963, ya mphindi pafupifupi 20 zokha. Ndi tsiku limodzi la munthu woyendetsa ngolo ya hatchi mu Dakar. Akunyamula anthu osalipira, akunyamula bambo wopita kumanda ndi mtembo wa khanda, kandalama kamene wapeza akukapereka kwa woyimba zotamanda makolo ake, kenaka bwana wovala suti akumunyengerera kuti alowe ku dera la anthu olemera kumene ngolo n'zoletsedwa. Wapolisi akumulanda ngolo. Akubwerera kunyumba wapansi, ndipo mkazi wake akumupatsira mwana n'kutuluka, ati akasake chakudya. Kumene akupita sitiuzidwa. Aliyense wa ngolo ku Nsaru, aliyense wa kabaza amene njinga yake idagwidwapo m'tauni, angaimve filimu imeneyi popanda womasulira.

Nanga n'chifukwa chiyani mafilimu otere ndiwo amene anthu osunga zinthu amawafunafuna? Aphunzitsi aja ali ndi thiranki yachitsulo, ya mtundu umene tinkapita nawo ku sekondale, yodzaza matepi a VHS ndi ma DVD, ena ogula pa kaunjika, ena owatumizira mwana wawo wa ku Johannesburg. Adandiuza kuti filimu ya nkhondo ukaidziwa mathero ake yatha ntchito, ili ngati nzimbe yotafuna kale. Koma filimu yopanda mathero odabwitsa siitha, chifukwa chimene umaonamo chimadalira zaka zako. Iwo Tokyo Story adayamba kuionera akali pa ntchito, ndipo ankamvera chisoni ana otanganidwa aja. Lero akuti amangoyang'ana nkhalamba yaimuna ija ikudzipepesera ndi chokupizira mphepo, yokhayokha m'nyumba. Chinthu choti udzachifunanso pakapita zaka khumi sungachisiye m'manja mwa wailesi ya kanema kapena mwa anyamata obena mafilimu pamsika, amene amafufuta chilichonse chosayenda malonda kuti apeze malo a zatsopano. Uyenera kukhala nacho m'nyumba.

Kunja malonda amenewa ndi aakulu ndithu. Kampani ya Criterion ya ku America, imene idayamba mu 1984, imatulutsa mafilimu akale okonzedwanso, lililonse ndi nambala yake pamsana, ndipo pali anthu amene amasonkhanitsa manambalawo monga ena amachitira ndi masitampa. Pamenepa pali kachabechabe ndithu, poti ena amagula kuti shelefu ioneke bwino alendo akabwera. Koma tisawaseke msanga. Popanda anthu a mtima wosataya zinthu, theka la zimene tikukambazi bwenzi kulibe. Henri Langlois, mmodzi wa amene adayambitsa Cinémathèque française mu 1936, ankatola zitini za mafilimu zimene makampani ankataya, ndipo pa nthawi ya nkhondo adabisa zambiri kuti asilikali a Germany asaziwononge. Mafilimu ambiri oyambirira a Ozu adatayika, sadzaonekanso. Pather Panchali ya Satyajit Ray wa ku India, ya 1955, yonena za ana awiri a m'banja losauka la kumudzi, filimu yake yoyambirira idapsa pa moto umene udabuka m'nyumba yotsukira mafilimu ku London mu 1993. Anthu ena adakana kutaya zotsala zopsererazo, adazisunga zaka 20, mpaka akatswiri a ku Bologna ku Italy adazifewetsa n'kuzilumikiza, ndipo mu 2015 filimuyo idaonetsedwanso ili yowala. Borom Sarret nayo adaikonzanso mu 2013 kudzera m'bungwe limene adayambitsa Martin Scorsese.

Tibwere kwathu. Mwa mafilimu 35 a Notcutt ndi Latham aja, atatu okha ndiwo akudziwika kuti alipo, ndipo ali ku British Film Institute ku London. Za Central African Film Unit zambiri zili ku nyumba yosungira mbiri ya dziko la Zimbabwe ku Harare. Ndiye kuti mdzukulu wa munthu amene adajambulidwa akupalira fodya m'ma 1950 ayenera kukhala ndi pasipoti kuti akaone nkhope ya agogo ake. Mafilimuwa adali a bodza la atsamunda, inde, koma kumbuyo kwa bodzalo kuli zoona zimene wojambula sadazione: kamangidwe ka nyumba, kametedwe ka tsitsi, mphini za pankhope, mitengo imene idali m'madambo athu tisadaimalize ndi zigafa. Stephen Peet yemwe uja, atabwerera kwawo, adakayambitsa pulogalamu ya BBC yotchedwa Yesterday's Witness mu 1969, yongojambula anthu wamba okalamba akusimba zimene adaona. Kuno adakhala zaka akuuza anthu zochita pamaso pa kamera, kwawo adakaphunzira kukhala chete n'kumamvetsera.

Ndipo filimu sidikira munthu. Ya 16mm, imene galimoto zachikasu zinkagwiritsa ntchito, ikakhala pa malo otentha ndi a chinyontho imayamba kununkha ngati viniga, kenaka imakwinyika n'kumatirirana, osathekanso kuipukusa. Tepi ya VHS imachita chuku. Makina ake omaliza adapangidwa ndi kampani ya Funai ya ku Japan mu 2016. Nyumba yathu yosungira mbiri ili ku Zomba kuyambira mu 1947, koma ntchito yosunga zithunzi zoyenda imafuna chipinda chozizira usana ndi usiku, ndipo za magetsi athu sindikuuzani ine. Nthawi zina chimene chapulumuka chimakhala cha munthu mmodzi wakhama. Daniel ndi Donald Kachamba tikutha kuwaona akuimba ali anyamata chifukwa Gerhard Kubik wa ku Vienna adawajambula kwawo ku Chileka mu 1967. Daniel adamwalira mu 1987, Donald mu 2001, koma m'zithunzi zija zala zawo zikuyendabe.

Ojambula athu a masiku ano ayesetsa. Shemu Joyah, munthu woyeza malo amene adalowa m'kanema ndi ndalama za m'thumba mwake, adatipatsa Seasons of a Life, nkhani ya mtsikana wantchito wopatsidwa mimba ndi bwana wake, kenaka The Last Fishing Boat mu 2012 ndi The Road to Sunrise mu 2017, imene idapambana mphotho ya Africa Magic ku Nigeria mu 2018. Joyce Mhango Chavula adapambana mphotho yomweyo mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Kwa ine, pamene Joyah amafika pamwamba ndi pamene waiwala za khoti ndi za chiwembu n'kungosiya kamera pa msodzi akuyang'ana nyanja imene yaleka kumupatsa nsomba. Chimene chimandidandaulitsa n'chakuti anthu a m'mafilimu athu ambiri amayankhulana m'Chingerezi ngakhale ali kuchipinda, chonsecho tikudziwa kuti mwamuna ndi mkazi wake akayambana usiku Chingerezi chimathawa. The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor ya 2019, imene adaijambulira kwa Wimbe ku Kasungu, idalimba mtima n'kuyankhula Chichewa, ngakhale Chichewa chake tidachiseka m'maminibasi. Komabe malo amene adandikhudza m'filimu imeneyo ndi pamene banja likukambirana kuti pa njala ya 2002 ija lizidya kamodzi patsiku, ndipo likusankha kuti kamodziko kakhale nthawi yanji. Ife a kuno tidakambiranapo zimenezo m'nyumba zathu.

Makamera akunja akabwera m'dera lino amafuna zinthu zitatu: gule wamkulu, makamaka chichokereni mu 2005 pamene UNESCO idamulemekeza, njala, ndi mjigo umene bungwe lawo lakumba. Mayi wobwera kudimba ndi mtolo wa mpiru pamutu, akukambirana ndi mnzake za mwana amene wasiya sukulu, sajambulidwa pokhapokha akhale chitsanzo cha vuto linalake. Tabwereranso kwa wochenjera ndi wopusa, kungoti tsopano akutchedwa wopindula ndi wosapindula.

Pansi pa thiranki ya aphunzitsi aja pali tepi imodzi yopanda chikuto, yolembedwa ndi bolopeni kuti ukwati, 1996. Adajambula ndi mnyamata wina wa ku Lilongwe amene adamulipira kuti atenge za kutchalitchi ndi perekaniperekani. Pakati pa mwambo mnyamatayo adaitanidwa kukadya, ndiye adasiya kamera pampando osaizimitsa, itapenya kuseri kwa nyumba. Kwa mphindi pafupifupi 20 palibe akudziwa kuti akujambulidwa. Amayi atatu akuvundula nsima mumphika waukulu, mmodzi akupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje n'kunena china chake chimene chikuwagwetsa anzake ndi phwete. Mkulu wina wakhala pa mtondo wogwetsa akumata chubu cha njinga, akuchiviika m'beseni kusaka pobooka. Kamwana kakukoka galu mchira. Aphunzitsi adandiwerengera ndi chala pa galasi: awa adapita mu 1999, awa mu 2002, awa chaka chomwecho, kamwanako kali ku Cape Town. Wamng'ono mwa amayi atatu aja, woseka kwambiriyo, ndi mchemwali wawo, ndipo chithunzi chake china chilichonse alibe.

Pamene ndidapitako komaliza tepiyo sitidaionere. Lamba wa m'makina awo adaduka, ndipo tepi yayamba kuonetsa timadontho toyera m'mphepete. Adapita nawo makinawo kwa wokonza mawailesi wina mumsika wa ku Lilongwe, amene adawatembenuza uku ndi uku n'kunena kuti: "Bambo, zinthu izi tidasiya kalekale, koma pali wina ku Mchesi ali ndi yakufa ngati yomweyi, mwina tingachotsemo lamba." Adawauza kuti adzabwerenso mwezi ukatha, ndipo abwere ndi ya thiransipoti ya mnyamata wokatenga.